Si mwano, si matama: wantchito wa autism akungofuna kumvetsedwa

Pa 15 June 2023, m'tauni yaing'ono ya Forest, m'chigawo cha Mississippi ku America, munamwalira gogo wina wa zaka 89, a Donald Triplett. Anthu a m'tauniyo ankawadziwa ngati bambo wa ku banki, wokonda gofu ndi manambala, woyendayenda m'mayiko. Madokotala a dziko lonse ankawadziwa mwa njira ina. Iwowa ndiwo anali mwana woyamba pa ana 11 omwe dokotala Leo Kanner anawalemba mu 1943 pofotokoza chomwe lero tikuchitcha autism.

Donald ali mwana, palibe ankaganiza kuti adzagwirapo ntchito. Sankasewera ndi anzake. Mayi ake akamuitana sankatembenuka. Ankatha nthawi yaitali akuzunguza ziwiya pansi ndi kubwereza mawu amodzimodzi. Mu 1937 makolo ake anakamusiya kumalo a boma osungirako ana, koma mtima sunawalole, ndipo chaka chotsatira anakamutengako. Bambo ake, omwe anali loya, analembera a Kanner kalata ya masamba 33 yofotokoza zonse zomwe mwanayo ankachita, kenako anamutengera kuchipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore.

Mwana yemweyo anadzamaliza maphunziro a Chifalansa pa koleji ya Millsaps mu 1958, anaphunzira kuyendetsa galimoto, ndipo anagwira ntchito ku Bank of Forest kwa zaka pafupifupi 65.

Koma tinene zoona. Bankiyo inali ya akuchikazi kwawo, ndipo banja lawo linali lopeza bwino. Khomo linawatsegukira popanda kugogoda, ndipo omwe anawapeza m'katimo ankawadziwa kuyambira ali khanda, kotero sankadabwa nawo. A Triplett anapeza zinthu ziwiri zomwe anthu ambiri a autism amazisowa: mwayi wolowa ntchito, ndi anzawo apantchito owalandira momwe alili. Nanga amene kwawo kulibe banki atani?

Ana aja anakula

Autism si matenda opatsirana, si misala, si kulodzedwa, ndiponso si umboni woti makolo anakhwimira mwana kuti alemere, monga amanong'onera ena m'midzi ndi m'matauni mwathu. Ndi kusiyana kwa kakulidwe ndi kagwiridwe ntchito ka ubongo. Munthu amabadwa nako, kawirikawiri kumayenda m'magazi a banja, ndipo amakhala nako moyo wake wonse. Kumaonekera m'mene munthu amalankhulira ndi kuchezera ndi anzake, m'kukonda dongosolo losasinthasintha, m'chidwi chozama pa zinthu zingapo, komanso m'mene thupi lake limamvera phokoso, kuwala, fungo ndi kukhudzidwa.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 100 aliwonse ali ndi autism. Dokotala wa ku Britain, mayi Lorna Wing, omwe mwana wawo wamkazi anali ndi autism, ndiwo anathandiza kwambiri kuti dziko limvetse kuti anthuwa sali ofanana. Alipo ena osalankhula, ofuna chisamaliro usana ndi usiku. Alipo ena omwe ndi aphunzitsi, owerengera ndalama, amakaniki, madokotala ndi atolankhani. Ambiri ali pakati pa magulu awiriwa.

Tikamakamba nkhaniyi timakonda kuloza ana a m'makalasi a maphunziro apadera, n'kuiwala kuti mwana sakhala mwana mpaka kalekale. Amakula, amalemba mayeso, ndipo tsiku lina amafika pageti la ofesi, envulopu ya masatifiketi ili m'manja.

Zomwe amakumana nazo pagetipo zinawerengedwa bwino ku Britain. Mu February 2024 boma la dzikolo linatulutsa lipoti lomwe anatsogolera a Robert Buckland, phungu wa Nyumba ya Malamulo pa nthawiyo. Lipotilo linati mwa anthu 10 a autism a msinkhu wogwira ntchito, atatu okha ndiwo ali pantchito, pomwe mwa anthu aulumali onse ndi asanu, ndipo mwa opanda ulumali ndi asanu ndi atatu. Linatinso omwe ali pantchitowo amalandira malipiro otsika kuposa anzawo, ndipo ambiri amagwira ntchito zosalingana ndi maphunziro awo. Izitu zikuchitika m'dziko lomwe lili ndi lamulo la 2009 loona za autism payokha, ndi lina la 2010 lokakamiza olemba ntchito kusintha zinthu kuti wantchito waulumali agwire bwino. Malamulo alipo, koma anthu akadali pakhomo.

Msampha woyamba ndi intavyu

Talingalirani zomwe zimachitika m'chipinda cha intavyu. Anthu anayi osawadziwa akhala kuseri kwa tebulo. Akufuna uwapatse moni wa mphamvu, uwayang'ane m'maso, umwetulire pa nthawi yake, udzitame pang'ono koma osapitirira. Kenako akuti: "Tiuzeni za inu." Munthu wa autism funso lotere limamuzunguza mutu. Ayambire pati? Pa tsiku lobadwa? Pa sukulu? Akafunsidwa chofooka chake, amatchula chenichenicho, chifukwa sadziwa kuti anzake onse amabwera ndi yankho lokonzeratu.

Pamapeto pake ntchito yowerengera ndalama imapita kwa wodziwa kukamba, ndipo wodziwa kuwerengera amabwerera kwawo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Intavyu ya mphindi 30 imapima luso lodzigulitsa, lomwe pa ntchito zambiri silifunikanso munthu akangolembedwa.

Nkhani yoyang'ana m'maso payokha iyenera kutiganizitsa ife Amalawi. Kwathu kuno mwana woleredwa bwino sayang'ana wamkulu m'maso. Amagwetsa nkhope, ndipo timati ali ndi ulemu. Zatheka bwanji kuti khalidwe lomwelo, likafika m'chipinda cha intavyu, tizilitenga ngati chizindikiro cha bodza kapena mantha? Anthu ambiri a autism amati akamayang'ana munthu m'maso amalephera kumva zomwe akunena. Akayang'ana kumbali ndiye kuti akumvetsera ndi mtima wonse.

Mayi Temple Grandin, pulofesa wa za ziweto pa yunivesite ya Colorado State ku America, yemwenso ali ndi autism, amafotokoza kawirikawiri momwe anazembera msampha umenewu. M'malo modalira pakamwa, ankayala patebulo zojambula zake za makola ndi tinjira toyendamo ng'ombe, n'kusiya kuti ntchitoyo imulankhulire. Lero ng'ombe zambirimbiri za ku North America zimadutsa m'makola omwe iye anajambula.

Chisoso cha ku Denmark

Munthu yemwe anasandutsa nzeru imeneyi kukhala kampani ndi a Thorkil Sonne a ku Denmark. Iwo anali mkulu ku TDC, kampani ya mafoni ya m'dzikolo, pomwe madokotala anawauza kuti mwana wawo wa zaka zitatu ali ndi autism. Tsiku lina mwanayo, ali ndi zaka 7, anajambula papepala timabokosi tambiri tokhala ndi manambala. Bambo ake atafufuza anapeza kuti ndi tsamba la m'buku la mapu a misewu ya ku Ulaya, lomwe mwanayo analijambula kuchokera m'mutu osaphonya.

A Sonne anazindikira kuti luso lotere, loona tinthu ting'onoting'ono tomwe ena amatidumpha, ndi lomwe kampani yawo inkalisowa pofufuza zolakwika m'mapulogalamu a kompyuta. Mu 2004 anasiya ntchito, anatenga ngongole poika nyumba yawo chikole, n'kuyambitsa kampani yotchedwa Specialisterne, kutanthauza akatswiri. Ofuna ntchito sankawakhazika kutsogolo kwa gulu la mabwana. Ankawapatsa timakina ta Lego kuti amange ndi kutiyendetsa, n'kumawaona kwa masabata angapo: amaganiza bwanji, amagwira bwanji ndi anzawo, chimawasokoneza n'chiyani.

Chizindikiro cha kampaniyo ndi kaduwa kachikasu komera pokhapokha, komwe azungu amakazula pakapinga ngati udzu woipa pomwe ena amakadya ndi kupangira mankhwala. Ife tikanasankha chisoso kapena bonongwe. Wopalira chimanga amaziona ngati tchire lolanda chakudya cha mbewu, koma mayi wodziwa kuphika akadutsa pomwepo amathyola ndiwo za madzulo. Chomeracho n'chimodzimodzi. Chasintha ndi malo ake ndi diso la wochiona.

Makampani akuluakulu anatengera nzeruyi. Mu 2013 SAP ya ku Germany inalengeza kuti ikufuna kuti pofika 2020, mmodzi mwa antchito ake 100 aliwonse akhale wa autism. Chiwerengerocho sinachifike, koma ntchito yomwe inayamba inafalikira m'mayiko ambiri. Mu 2015 Microsoft inayamba kulemba anthu a autism kudzera m'masiku angapo ogwira ntchito limodzi, m'malo mwa mafunso a tsiku limodzi. Chaka chomwecho banki ya JPMorgan Chase inayambanso dongosolo lake. Mu 2024 kampani ya masitolo ya John Lewis ku Britain inaika mafunso ake a intavyu pa intaneti kuti aliyense awaoneretu.

Palibe chilichonse mwa izi chofuna ndalama za Microsoft. Kutumiza mafunso tsiku limodzi intavyu isanachitike n'kwaulere. Kupatsa wofuna ntchito ya akaunti buku la ndalama losokonekera kuti alikonze n'kwaulere. Kufunsa kuti "mwagwiritsapo ntchito pulogalamu iti yowerengera ndalama, ndipo kwa zaka zingati?" m'malo mwa "tiuzeni za inu" n'kwaulerenso.

Chichewa cha mu ofesi

Kulowa ndi chiyambi chabe. Ambiri amalembedwa n'kuchotsedwa miyezi yoyeserera isanathe, osati chifukwa cholephera ntchito, koma chifukwa chosamva zomwe sizinanenedwe.

Ife ndife anthu olankhula mozungulira, ndipo umenewu ndi ulemu wathu. Abwana akati, "Mukapeza kampata mundionereko fayilo ija," ofesi yonse imadziwa kuti fayiloyo ikufunika dzuwa lisanalowe. Wantchito wa autism amamva zomwe zanenedwazo basi. Amamaliza kaye zomwe akuchita, ndipo kampata kakapezeka Lachinayi, fayilo amaiona Lachinayi. Tikati "tiona" pomwe tikukana, iye amadikira tsiku loonalo. Pamsonkhano abwana akafunsa ngati alipo akuona vuto pa ganizo lawo, tonse timadziwa kuti yankho ndi kukhala chete. Iye amakweza dzanja n'kutchula mavuto atatu, chifukwa wafunsidwa, ndipo akukhulupirira kuti akuthandiza.

Pofika nthawi ya tiyi, dzina lamumata kale: wamwano, wamatama, wodzimva. Chikhalirecho munthuyo sakudziwa n'komwe kuti walakwa.

Katswiri wina wa ku Britain, a Damian Milton, omwe nawonso ali ndi autism, analemba mu 2012 kuti kusamvanaku kumachokera mbali zonse ziwiri. Wa autism amavutika kuwerenga maganizo athu, koma ifenso timalephera kuwerenga ake, kungoti ife ndife ochuluka, ndiye mlandu wonse umagwera iye. Ofufuza a pa yunivesite ya Edinburgh, motsogozedwa ndi mayi Catherine Crompton, anayesa izi mu 2020 pouza munthu nkhani kuti aifotokozere mnzake, mnzakeyo afotokozere wina, mpaka ithe mzere wa anthu 8. Anapeza kuti anthu a autism okhaokha ankapatsirana nkhaniyo bwinobwino ngati anthu ena onse. Kulankhula amatha. Chosiyana ndi kalankhulidwe.

Tsono mankhwala ake ndi osavuta: nenani chomwe mukufuna. "Fayilo ya makasitomala a ku Zomba ndikuifuna pa desiki panga lero isanakwane 3 koloko." Mukatero simunachite mwano, mwachita chifundo. Zomwe mwagwirizana pakamwa zitsatidwe ndi imelo kapena uthenga wa pa WhatsApp. Ntchito zikachuluka, muuzeni yoyambira. Akalakwitsa, musamuponyere mwambi kapena kumukwinyira nkhope sabata yonse poganiza kuti azindikira yekha. Muitanireni pambali, mutchule cholakwikacho, munene momwe mukufunira kuti chikhalire. Nthawi zambiri sachibwerezanso.

Phokoso lomwe ena salimva

Pali china chomwe sichioneka ndi maso. Ubongo wa anthu ambiri umasefa phokoso. Fani ikamazungulira, mafoni akamalira, jenereta ikamabangula kuseri kwa zenera magetsi atazima, ife timangopitiriza kulemba. Kwa anthu ambiri a autism zonsezi zimalowa pamodzi ndi mphamvu yofanana, kuphatikizapo getsi lothwanima padenga ndi perefyumu ya mnzawo wapafupi. Onjezanipo ola lathunthu lopanikizana mu minibasi, wailesi ili pamwamba, kondakitala akukuwa. Munthuyo amafika pa desiki mphamvu zake zitatha kale theka.

Zikafika posefukira, ena amangoti zii, osatha kuyankha ngakhale funso laling'ono. Ena amalira kapena kutuluka mothamanga. Uku si kupsa mtima kwa chibwana. Chofunika pa nthawi imeneyo ndi malo abata ndi mphindi zingapo, osati khamu lomuzungulira ndi mafunso.

Zothandiza pano nazonso n'zazing'ono: desiki ya pakona, kutali ndi khomo ndi makina osindikizira, chilolezo chovala mahedifoni otchinga phokoso, kuyamba ntchito m'mamawa misewu isanadzaze n'kuweruka msanga, kugwirira ntchito kunyumba masiku ena ngati ntchitoyo ikulola. Msonkhano ukasinthidwa nthawi, kapena ofesi ikamasamuka, auzidwiretu, chifukwa kusintha kwadzidzidzi kumawasokoneza kuposa momwe ambirife tingaganizire. Akamagwedeza mwendo, kuseweretsa cholembera kapena kudzipukusa pampando, asiyeni, ndi njira yawo yokhazikitsira mtima pansi. Bungwe la Job Accommodation Network ku America lakhala likufunsa olemba ntchito kwa zaka zambiri za mtengo wa kusintha kotere, ndipo pafupifupi theka kapena kupitirirapo amayankha kuti sikunawadyere ndalama iliyonse.

Macheza nawo asakhale muyeso wa wantchito wabwino. Wina akamadya nkhomaliro yekha, kapena akapepesa kuti sabwera kuphwando la kutha kwa chaka, sizitanthauza kuti amadana nanu. Muitaneni nthawi zonse, koma akakana musamusungire chakukhosi. Ndipo miyambo ya mu ofesi yosalembedwa paliponse, monga kupatsa moni aliyense m'mawa, kusonkha ya chipepeso mnzathu akaferedwa, kapena yemwe amayamba kulankhula pamsonkhano, wina amufotokozere momveka. Kampani ya auticon, yomwe a Dirk Müller-Remus anayambitsa ku Berlin mu 2011, imalemba akatswiri a kompyuta a autism n'kuwapatsa alangizi omwe ntchito yawo ndi kuima pakati pa wantchito ndi makasitomala. Ofesi yaing'ono singalembe mlangizi, koma singasowe munthu mmodzi wodekha woti mnzakeyo azimufunsa mopanda manyazi kuti, "Kodi abwana amatanthauza chiyani paja?"

Mtengo wodzibisa

Ambiri a autism, makamaka amayi, anaphunzira kuyambira ali ana kubisa momwe alili. Amaloweza nthawi yoseka, amadzikakamiza kuyang'ana anthu m'maso, amakonzeratu macheza a m'mawa ali m'njira. Ku ofesi amaoneka bwinobwino, koma akafika kunyumba amangogwera pabedi. Zaka zikamapita, kutopa kotereku kumabala nkhawa ndi matenda a maganizo, ndipo wantchito yemwe anali wodalirika amayamba kujomba, mapeto ake kusiya ntchito. Ndiye wina akalimba mtima n'kukuuzani kuti ali ndi autism, musamuyankhe kuti "komatu simuoneka choncho". Kusaonekako wakulipira ndi thanzi lake. Mumuthokoze, mumufunse chomwe chingamuthandize, ndipo nkhaniyo isatuluke popanda chilolezo chake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: mwini wake ndiye akudziwa pomwe pakupweteka.

Tichenjerenso ndi bodza lina lokoma kumva, loti aliyense wa autism ndi katswiri wa masamu kapena kompyuta. Nkhani za SAP ndi Microsoft zatsegula maso, koma zikhoza kutipangitsa kufuna okhawo ochita zodabwitsa. Ambiri ndi antchito wamba ngati ine ndi inu. Wina amakhoza kusunga mafayilo, wina kupima magazi mu labu, wina kusoka, wina kuphunzitsa. Munthu safunika kujambula mapu a Ulaya kuchokera m'mutu kuti apatsidwe mpando. Ndipo akalembedwa asaumire pa desiki imodzi zaka 20 chifukwa choti sadziwa kudzikometsa kwa mabwana. Mwayi wa maphunziro ndi kukwezedwa umufikire monga ena onse.

Lamulo lathu likuti chiyani?

Dziko la Malawi linavomereza mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, lomwe gawo lake la 27 limati anthuwa ali ndi ufulu wogwira ntchito mofanana ndi ena, ndipo malo a ntchito ayenera kusinthidwa moyenera kuti izi zitheke. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino ndi lamulo la za ntchito la 2000 zimaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Mu 2024 kunabwera lamulo latsopano la anthu aulumali, lomwe linalowa m'malo mwa la 2012 ndi kukhazikitsa bungwe loona za anthu aulumali la MACODA pomwe panali MACOHA.

Vuto ndi loti tikamva za ulumali timaganiza za njinga ya olumala, ndodo yoyera ndi chinenero cha manja. Izi n'zofunika kwambiri, koma ulumali wosaoneka ulibe potsetsereka pa khomo poti tingaloze n'kunena kuti tachitapo kanthu. Komanso akatswiri opima autism ndi ochepa kwathu kuno, ndipo ambiri mwa akuluakulu omwe ali nayo sanapimidwepo. Alipo kale m'mabanki, m'zipatala, m'masukulu ndi m'maofesi a boma, ena osadziwa n'komwe dzina la chomwe chawavutitsa moyo wonse. Bwana wodikira kalata ya dokotala asanasinthe kanthu adzadikira mpaka wantchitoyo atapita.

Sikuti tiyambe kulozana zala kuti uyu ali nayo, uyu alibe. Imeneyo ndi ntchito ya akatswiri, ndipo kumata mnzako dzina la ulumali ndi nkhanza ina. Chofunika ndi kukonza ofesi kuti ikomere aliyense. Malangizo omveka, misonkhano yokhala ndi mitu yodziwikiratu, malo abata ogwirira ntchito yofuna kuganiza, ndi kulemba anthu poona ntchito ya manja awo, zonsezi zimathandiza wa autism, zimathandiza wongoyamba kumene ntchito, ndipo zimathandizanso abwana eni ake.

Chaka chilichonse pa 2 April dziko lonse limakumbukira anthu a autism, potsatira chigamulo cha United Nations cha 2007. Kuguba ndi kuvala malaya a tsikulo n'kwabwino, koma munthu sadya chikumbutso. Inu abwana, inu a ofesi yolemba anthu ntchito, inu okhala desiki yoyandikana ndi mnzanu wosalankhulalankhula uja: Lolemba likubwerali, musanamutche wamatama, mufunseni chomwe chingamuthandize kugwira bwino ntchito yake, ndipo akayankha, muchichite. A Donald Triplett anagwira ntchito zaka 65 chifukwa anthu owazungulira anawapatsa malo. Mwana wa mnansi wanu akufunanso zomwezo.